Kuweta makina osemera zitsulo pakhomo

M'madera ambiri a chigawo chino cha Africa, chimene chimaimitsa chigayo, pampu yothirira kudimba kapena makina osokera kawirikawiri ndi kachitsulo kochepa ngati chala, kamene kathyoka kapena kaperepeseka, koma kosapezeka m'sitolo iliyonse yapafupi. Mwini wake amafunsa ku Limbe, amatuma uthenga ku Lusaka kapena ku Johannesburg, ndipo podikira yankho makinawo amayamba kuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba. Amisiri odziwa kusula ndi kuwotcherera alipo ambiri, koma ndi ochepa amene ali ndi chipangizo chotha kusema chitsulo molondola mpaka pa kagawo kakang'ono ka milimita.

Chimodzi mwa zipangizo zogwira ntchito imeneyi ndi makina osemera zitsulo, amene pa Chingerezi amatchedwa milling machine. Dzinali limasokoneza, poti ambiri akalimva amaganiza za chigayo cha chimanga. Makina amenewa sagaya kanthu. Ali ndi mpeni wa mano akuthwa umene umazungulira mothamanga pamalo amodzi, pamene chitsulo chofunika kusemedwa chimamangidwa pa tebulo loyenda uku ndi uku pansi pa mpeniwo. Mmisiri akamapukusa timagudumu toyendetsa tebulolo, mpeni umapala chitsulo pang'onopang'ono mpaka chisalale, chikhale ndi ngalande, kapena chikhale ndi mabowo pamalo enieni amene akufunika.

Makina aakulu a mtundu umenewu amapezeka m'mafakitale ndi m'masukulu a ntchito zamanja, ndipo ena amalemera pafupifupi tani yathunthu. Koma aliponso ang'onoang'ono, amene anthu awiri atha kunyamula, opangidwira munthu wofuna kusema zitsulo kunyumba kwake pa nthawi yopuma. Bambo ena a ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre ali nawo m'galaja mwawo. Anthu a m'deralo amangowatchula kuti Aphunzitsi, chifukwa adaphunzitsa sayansi kusekondale kwa zaka zambiri asanapume pantchito.

Makina ojambula pa bolodi

Pa zaka zonse za uphunzitsi wawo, bambowa adajambula pa bolodi magiya, mapule ndi injini za nthunzi zosawerengeka, koma ophunzira awo sadazionepo zikuzungulira. Ana ankakopera zojambulazo, n'kukhoza nazo mayeso, koma mumtima mwa Aphunzitsi munkatsala kachisoni koti ankaphunzitsa zinthu zimene manja awo sadazipangepo. Choncho atalandira ndalama zopumira pantchito, adatapako gawo n'kutumiza kwa mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Johannesburg kuti awagulire makina osemera zitsulo. Cholinga chawo chidali kupanga kainjini ka nthunzi kokwana m'manja, koti kakazungulire pamaso pa ana a pasukulu imene adapumirapo.

Kunyumba nkhaniyi sidalandiridwe ndi manja awiri. Mayi a m'nyumbamo adafunsa funso limene aliyense wodziwa mtengo wa feteleza akadafunsa: kodi makinawo adzabweza liti ndalamazo? Denga la khitchini linkadontha, mdzukulu wawo wamkazi amene amamulera anali atangolowa Fomu 1, ndipo ndalama zopumira pantchito sizibwera kawiri. Abale ena adalangiza kuti kukadakhala bwino kugula njinga yamoto ya kabaza. Aphunzitsi adalibe yankho lokhutiritsa. Adangolonjeza kuti pa makinawo sadzawonjezerapo kanthu kogula pokhapokha atatsimikiza, poyeza, kuti kanthuko n'kofunikadi. Kuti lonjezolo lisakhale la pakamwa chabe, adatenga kope n'kugawa tsamba lililonse patatu: pena polemba vuto, pena muyezo wosonyeza kukula kwa vutolo, pena mankhwala ake.

Bokosi lidabwera ndi onyamula katundu wa Amalawi okhala ku South Africa, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Mkati mwake mudali makina a mtundu wa X2, opangidwa ndi kampani ya Sieg ya mumzinda wa Shanghai ku China, amene amagulitsidwa m'maiko ambiri ndi maina komanso utoto wosiyanasiyana. Amalemera pafupifupi makilogalamu 50, mota yake ndi ya mawati 350, ndipo tebulo lake ndi lotalika pafupifupi masentimita 40 koma losakwana masentimita 10 mulifupi. Ngakhale ndi ochepa chotere, ali ndi makolo odziwika. Chitsulo chozungulira chimene chimagwira mpeni, chotchedwa spindle, chili ndi bowo losongoka lotsata muyezo umene Stephen Morse adaukhazikitsa ku America m'chaka cha 1864, pamene makina ena a mtundu womwewu amatsata muyezo wa R8 wochokera ku makina otchuka a Bridgeport, amene adayamba kupangidwa m'chaka cha 1938. Nako kusema zitsulo kunyumba pongofuna kusangalala n'kwakalekale: magazini ya Model Engineer idayamba kusindikizidwa ku London m'chaka cha 1898 pofuna kutumikira anthu otere.

M'bokosi momwemo mudalinso vayisi yopanira zitsulo, mipeni ingapo, zogwirira mipeni zotchedwa collet, ndi kachipangizo koyezera. Odziwa amachenjeza kuti zida zotere zitha kudya ndalama zofanana ndi mtengo wa makina enieniwo, komabe popanda izo ntchito siyambika. Mwachitsanzo, chogwirira chimene chimabwera ndi makina n'cha kuboola basi. Mpeni wosemera umakankhidwa chammbali, motero umafuna collet imene imaufinya mozungulira monse kuti usapulumuke. Walira mvula walira matope.

Chikomekome cha nkhuyu

Munthu akagula wailesi amangoilumikiza ku magetsi n'kuyamba kumvera. Makina ang'onoang'ono otsika mtengo amafika ngati ntchito yodikira mwini wake kuti aitsirize. Pofuna kuti asachite dzimbiri paulendo wa panyanja, amapakidwa girizi wokhuthala, ndipo m'makona mwina mumatsalira mchenga wa m'chikombole chimene adaumbiramo chitsulo. Mchenga ukasakanikirana ndi girizi umasanduka ngati sandipepala, n'kumadya njira zimene tebulo limatsetserekamo. Pa chifukwa chimenechi Aphunzitsi adamasula tebulo ndi zonse za pansi pake, adatsuka chidutswa chilichonse ndi palafini, adachotsa timinga ta m'mphepete ndi tupa, n'kupaka oyilo watsopano.

Kenaka padabwera nkhani ya pokhazika. Makina opepuka amanjenjemera akamadula, ndipo kunjenjemera kulikonse kumasiya zipsera pa chitsulo. Mmisiri wina wowotcherera wa ku Ndirande adawapangira benchi ya zitsulo zochindikala, pamwamba pake adayalapo thabwa lolemera, ndipo makinawo adamangidwa pamenepo ndi mabawuti. Pulagi ya ku South Africa ya mano ozungulira adaichotsa n'kuika ya mano a makona imene imagwiritsidwa ntchito m'Malawi, osaiwala waya wa earth. Mphamvu ya magetsi m'maiko awiriwa ndi yofanana, mavolti 230, koma makina opangidwira msika wa ku America amafuna mavolti 120, choncho woitanitsa kunja ayenera kufunsa asanalipire. Popeza kabokosi kolamulira liwiro la mota katha kupsa magetsi akabwera mwamphamvu, adagula chotetezera ngati chimene anthu amaika pa firiji, ndipo adazolowera kuzula pulagi akaweruka.

Ntchito yonseyi idagwa m'nyengo yovuta. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku mpaka malowo atakonzedwa m'chaka cha 2023. Aphunzitsi adagwiritsa ntchito maola opanda magetsiwo pa zinthu zosalira mota. Pakati pa tebulo ndi njira zake pali timizere tachitsulo totchedwa gib, timene timakankhidwa ndi timabawuti kuti tebulo lisagwedere. Tikamangidwa kwambiri tebulo limalimba kuyenda, tikakhwepa limagwedera ndipo mpeni umaluma molakwika. Iwo adatipala pa sandipepala woyala pa galasi lathyathyathya mpaka titasalala, n'kumatimanga pang'onopang'ono, kumanga ndi kuyesa, kumanga ndi kuyesa, kufikira tebulo lidayamba kuyenda mofewa popanda kugwedera.

Kuimika mzati

Mutu wa makina, umene uli ndi mota ndi mpeni, umakwera ndi kutsika pa mzati wachitsulo. Pa X2 mzatiwo utha kupendekeka mpaka madigiri 45 mbali iliyonse, ndipo umagwidwa ndi nati imodzi yaikulu kumbuyo. Kuti ntchito ituluke yolondola, mpeni uyenera kuima njo pamwamba pa tebulo. Ukapendekeka ngakhale pang'ono, pa chitsulo chosemedwacho pamatuluka timasitepe, ndipo bowo lililonse limalowa chammbali. Diso silitha kuona kupendekeka kotere. Chimene chimakuona ndi kachipangizo koyezera kaja, kooneka ngati wotchi, kotchedwa dial indicator, kamene muvi wake umasuntha pa kusiyana kwa mamilimita 0.01. Pepala la m'kope ndi lochindikala pafupifupi mamilimita 0.1, kutanthauza kuti kawotchika kamazindikira chinthu chopyapyala kakhumi kuposa pepala.

Kawotchiko kamamangidwa pa kamkono kolumikizidwa ku spindle, ndipo mmisiri amazungulitsa spindle ndi dzanja kuti nsonga ya kawotchi ikhudze tebulo kumanzere, kenaka kumanja. Manambala awiriwo akasiyana ndiye kuti mzati wapendekeka. Amamasula nati pang'ono, amagogoda mzati ndi nyundo yofewa, amayezanso, kenaka amamanga. Chowawa n'chakuti pomanga natiyo mzati umasunthanso, ndipo zonse zimayambiranso pachiyambi. Aphunzitsi adatha masana angapo pa ntchito imeneyi. Kupendekeka kwa kutsogolo ndi kumbuyo kulibe nati yokonzera, motero adakuthetsa polowetsa pansi pa mzati tizidutswa todula ku chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi, timene kuchindikala kwake n'kofanana ndi kwa pepala.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'masiku amenewo mdzukulu uja, amene poyamba ankangobwera kudzanena kuti nsima yapsa, adayamba kuchedwa m'galaja. Maso ake ankawerenga muvi msanga kuposa a agogo akewo, ndipo posakhalitsa ndiye ankatchula manambala iwo akugogoda. "Agogo, mwapitiriza, bwezani pang'ono," ankatero mwanayo, agogo n'kumamvera ngati kuti wophunzira ndi iwo.

Chowonjezera choyamba chidachokera pa kuyeza komweku. Atakankha mutu wa makina ndi dzanja, adaona muvi ukuthamanga, zomwe zidasonyeza kuti mzati umawerama pa malo olumikizira. Adalemba nambalayo m'kope, adagula chitsulo chathyathyathya chochindikala mamilimita 12 kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande, adachiboola, n'kuchimanga kumbuyo kwa mzati kufika pa phata la makina. Atakankhanso, muvi udangosuntha pang'ono. Makina ena atsopano a kukula komweku amabwera ndi mzati wosapendekeka, ndipo wogula lero angachite bwino kusankha amenewo, poti ntchito zofuna kupendeketsa mutu ndi zochepa.

Liwiro, magiya ndi lamba

Chitsulo chilichonse chili ndi liwiro limene chimalola kudulidwa nalo. Pa chitsulo wamba, mano a mpeni wa mtundu wa HSS ayenera kuyenda pafupifupi mamita 30 pa mphindi. Apa masamu a kusekondale adapeza ntchito. Mpeni wa mamilimita 10 ukazungulira kamodzi, mano ake amayenda mamilimita pafupifupi 31, choncho uyenera kuzungulira maulendo pafupifupi 950 pa mphindi, pamene wa mamilimita 6 umafuna maulendo pafupifupi 1,600. Aluminiyamu amalola liwiro lochuluka katatu kapena kuposerapo, ndipo kadontho ka palafini kamathandiza kuti nyenyeswa zisamatirire ku mano. Liwiro likapitirira, mpeni umapsa n'kubuntha, ndipo ku Chilomoni mpeni wina sugulidwa pa golosale.

M'mutu mwa X2 muli magiya apulasitiki opereka maliwiro awiri, lina lofika maulendo 1,100 ndi lina lofika 2,500 pa mphindi. Ubwino wa pulasitiki ndi wakuti mpeni ukakakamira, imathyoka ndi giya yotsika mtengo m'malo moti mota ipse. Patapita miyezi yambiri akusema bwinobwino, tsiku lina Aphunzitsi adafulumira kuti amalize phata la kainjini kawo, n'kulowetsa mpeni mozama kuposa mmene makina ochepa angapirire. Kudamveka kuti thyo, mota idapitiriza kulira yokha, mpeni uli chiimire. Tsopano nawo makina osemera adakhala pa mndandanda wa makina odikira kachidutswa kochokera kutali, ndipo mayi a m'nyumbamo sadanene kanthu, chinthu chimene chidawawa kuposa mawu.

Njira zidalipo zitatu. Akadatha kubwezeretsa giya yapulasitiki n'kumadikira kuti idzathyokenso. Akadathanso kuika magiya achitsulo, amene sathyoka msanga koma ndi aphokoso ndipo amasamutsira ngozi ku mota. Njira yachitatu idali kusiya magiya n'kuika mapule awiri ndi lamba, amene mpeni ukakakamira amangoterereka popanda kuthyola kanthu, komanso amachepetsa phokoso ndi kulola liwiro lokwera pa mipeni ing'onoing'ono. Zida zosinthira zotere zimagulitsidwa kunja zopangiratu, koma Kwacha ya Malawi itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake udafika posayandikirika kwa munthu wa penshoni.

Choncho adaphatikiza njira yoyamba ndi yachitatu. Mwana wawo adatumiza giya imodzi yapulasitiki, makinawo adadzukanso, ndipo ntchito yake yoyamba idali kusema mbale ziwiri za aluminiyamu zokhazikapo mota. Mapule amafuna makina ena otchedwa lathe, amene amazungulitsa chitsulo chenichenicho mpeni uli chiimire, motero Aphunzitsi adajambula miyezo yonse pa pepala n'kupita nayo kwa mmisiri wina wa ku Limbe. Mmisiriyo adakonza zolakwika ziwiri pa chojambulacho, ndipo adawaphunzitsanso kumvera kulira kwa mpeni: ukamalira mosalala uli bwino, ukayamba kukuwa ndiye kuti waluma kwambiri kapena chinachake chakhwepa. Safunsa adadya phula. Kuyambira pamenepo awiriwa amatumizirana ntchito, zozungulira ku Limbe, zathyathyathya ku Chilomoni.

Chogula ndi chosiya

Vuto lina lolembedwa m'kope lidali la mutu wa makina. Umachirikizidwa ndi sipuling'i ya pambali imene mphamvu yake imasintha mutu ukamatsika, ndipo nthawi zina mpeni umaukokera pansi mwadzidzidzi n'kuwononga ntchito. Mankhwala ake adapezeka kwa ophwasula magalimoto: chitsulo cha mpweya chija chimatukula chitseko cha kumbuyo kwa galimoto. Adasankha cha mphamvu yoposa pang'ono kulemera kwa mutuwo, kuti chizikankhira m'mwamba nthawi zonse. Adazoloweranso kumanga mutu ndi mbali iliyonse ya tebulo imene sikuyenda asanayambe kudula.

Lidaliponso vuto la kampata. Tebulo limayendetsedwa ndi ndodo za mazinga zozungulira mu nati, ndipo pakati pa ndodo ndi nati pamakhala kampata kosalephereka. Mmisiri akabwerera m'mbuyo, gudumu limazungulira pang'ono tebulo lisanayambe kuyenda, pamene manambala a pa gudumulo asuntha kale. Wokhulupirira manambalawo amadula polakwika. Njira yaulere yopewera izi ndi kufika pa muyezo kuchokera mbali imodzi nthawi zonse, komanso kuyendetsa chitsulo motsutsana ndi kumene mano akulowera, kuti mpeni usakokere tebulo m'kampatako. Njira yogula ndi timizere tamagetsi totchedwa DRO, timene timawerenga kuyenda kwa tebulo lenilenilo n'kuonetsa manambala pa kagalasi. Aphunzitsi adakhala nthawi yaitali akugwiritsa ntchito njira yaulere. Adagula timizere tiwiri pokhapokha kope litasonyeza kuti zidutswa zambiri zimene adataya zidawonongeka chifukwa chosokoneza kawerengedwe ka gudumu, maso atatopa. Timizereti sitichotsa kampata, timangonena zoona za pamene tebulo lafika.

Pali zina zimene adazisiya dala. Eni makina otere ena amaika timamota pa magudumu kuti kompyuta iziyendetsa tebulo, luso lotchedwa CNC. Mwana wawo adawatumizira mafilimu a pa intaneti osonyeza zimenezi, koma m'kope mudalibe vuto lililonse lofuna mankhwala amenewo.

Malamulo a chitetezo adawalemba pakhoma ndi choko. Magalasi oteteza maso amavalidwa nthawi zonse. Magolovesi, malaya a mikono yolendewera ndi chitenje chomasuka n'zoletsedwa pafupi ndi mpeni, chifukwa chinthu chozungulira chikagwira nsalu chimakokera dzanja lomwe. Nyenyeswa zimachotsedwa ndi burashi makina ataima, osati ndi zala. Sipanala yomangira mpeni iyenera kubwerera pa msomali wake mota isanayatsidwe.

Shafiti ya amayi a chiponde

Kainjini kaja kadatha patapita nthawi yaitali kuposa imene Aphunzitsi ankayembekezera. Zidutswa zina adazipanga kawiri, zina katatu. Pa tsiku loti akakaonetse kusukulu sadafune kuwiritsa madzi pakati pa ana, poti nthunzi yotsekeredwa ndi yoopsa, motero adakayendetsa ndi mpweya wa pampu ya njinga. Ana adapopa mosinthana, kagudumu kadazungulira, ndipo funso limene lidamveka kwambiri lidali lakuti kodi kadagulidwa kuti.

Koma ntchito imene idasintha maganizo a m'banjamo idabwera ndi mayi a m'nyumbamo eni ake, itakulungidwa m'kansalu. Gulu la amayi a m'deralo, limene iwo amasungitsako ndalama, lili ndi makina ogayira chiponde, ndipo pule yake idayamba kuzungulira yokha pa shafiti. Pule imagwira shafiti chifukwa cha kachitsulo ka makona anayi kotchedwa kiyi, kamene gawo lina limakhala m'kangalande ka pa shafiti, gawo lina m'kangalande ka m'pule. Kiyi itakhwepa idadya kangalande ka pa shafiti mpaka kadasanduka chidzenje. Wina adalangiza kungowotcherera pule ku shafitiyo, koma kutentha kukadaipinda, ndipo tsiku losintha bering'i likafika kukadafunika kudula zonse. Amayiwo anali atagula kale mtedza wa ngongole, ndipo sabata iliyonse yosagaya idali sabata ya chiwongoladzanja chopanda malonda.

Shafitiyo idali ya mamilimita 25. Muyezo wodziwika wa shafiti yotere ndi kiyi ya mamilimita 8 mulifupi ndi 7 kutalika, m'kangalande kozama mamilimita 4. Aphunzitsi adaipana mu vayisi, mbali yowonongekayo italoza pansi, kuti aseme kangalande katsopano mbali inayo. Pofuna kupeza pakati penipeni adakhudzitsa mpeni mbali iyi ya shafiti, kenaka mbali inayo, mota isakuzungulira, kapepala kopyapyala kali pakati, ndipo mdzukulu uja adagawa manambalawo pawiri. Ndi mpeni wa mamilimita 6 adatsika theka la milimita pa ulendo uliwonse, maulendo 8, kenaka adakuza kangalandeko uku ndi uku mosamala, akuyesa kiyi yatsopano mpaka idalowa mothina. Ntchitoyo idatenga masana amodzi. Mawa lake makina a chiponde adalira.

M'ntchito imeneyi mudalibe chachilendo kwa Aphunzitsi. Kupeza pakati, kusankha liwiro, kudziwa kuzama kumene makina angapirire, zonsezi anali atazichita kambirimbiri pa kainjini kamene anthu ankakatcha chidole. Akadapatsidwa shafitiyo mwezi umene bokosi lidafika, akadaiwononga. Amayiwo adalipira kangachepe ndi botolo la chiponde, ndipo madzulo ake mayi a m'nyumbamo adalowa m'galaja koyamba, n'kufunsa kuti kawotchi kaja kamagwira ntchito bwanji.

Malire a makina ochepa

Kunena zoona, makinawa sadabweze ndalama zimene adadya, ndipo mwina sadzabweza. Denga la khitchini lidakonzedwa ndi ndalama zochokera ku Johannesburg. Shafiti ya chigayo chachikulu siikwana pa tebulo lake, chitsulo cholimbitsidwa ndi moto mipeni yake siichitha, ndipo ntchito imene makina a m'fakitale amamaliza pa mphindi zochepa kuno imatenga tsiku. Aphunzitsi amakana ntchito zotere n'kulozera eni ake kwa amisiri a makina aakulu. Zimene amavomera ndi zing'onozing'ono: kachitsulo ka makina osokera, chogwirira cha chikuku cha munthu wolumala, kiyi ya pampu.

Mabungwe a chitukuko amagawa zigayo, mapampu ndi makina ogayira mtedza, ndipo amachita bwino. Koma makina aliwonse ogawidwa tsiku lina adzafuna munthu wodziwa kuyeza, ndipo munthu wotere amapangidwa ndi nthawi yaitali yogwira chitsulo, yolakwitsa pa zinthu zosaopsa, ndi yoyezanso. Malawi ili ndi masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe, komanso bungwe la TEVETA limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti liziyang'anira maphunziro otere. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi malo amene mwana angaone ntchito imeneyi pafupi, asanafike posankha tsogolo lake. Mdzukulu wa Aphunzitsi adaiona pakhomo, ndipo tsopano amafunsa za maphunziro a umisiri wa zitsulo, ntchito imene kale sankadziwa kuti mtsikana atha kuigwira.

Kope lija likadalipo, lada ndi oyilo. Pa tsamba lomaliza pali vuto latsopano: spindle imatentha ikazungulira mothamanga kwa nthawi yaitali. Muyezo wa kutenthako udalembedwa ndi dzanja la mdzukulu. Pa malo a mankhwala sipadalembedwe kanthu, chifukwa agogo ndi mdzukulu sadagwirizanebe ngati vuto ndi bering'i kapena lamba wothina, ndipo mpaka atatsimikiza palibe chimene chigulidwe.